Njanji ya m'Chipinda cha a Mshanga

Tauni yathu isanamve kulira kwa sitima,
sitima inkayenda kale ku Kapata,
m'chipinda chakuseri kwa a Zefaniya Mshanga,
pathebulo la zitseko zitatu zolumikiza.

Anabwera kuchokera ku Kabwe ndi penshoni yochepa,
khutu limodzi logontha,
ndi wotchi ya m'thumba yosadziwa kupepesa.
Anthu anati mutu wawazungulira:
zaka makumi atatu pa njanji,
ndiye n'kudzasewera ngati mwana?
Iwo ankangotola masipoko kwa okonza njinga,
kuwawongola ndi hamala pamwala,
kuwagoneka awiriawiri, mpata wa chala chimodzi.
Pansi pake timitengo ta machesi,
zikwi zinayi ndi mazana awiri.
Ndinawerenga ndine.

Njanji yoyamba inadyedwa ndi chiswe.
Yachiwiri anaipereka kusukulu, ana n'kuimaliza pa temu imodzi.
Iyi inali yachitatu.

Phiri la Kanjala analiumba ndi dothi la pachulu
ndi mapepala a matumba a simenti.
Luangwa anali kalilole wa amayi Enelesi,
amene sanawakhululukire mpaka Khirisimasi.
Mabogi, zitini za nsomba.
Injini, kamota ka wailesi yakufa.
Utsi, thonje la ku Katete lopakidwa mwaye.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
mwana wa nyumba yoyandikana, wosuzumira pazenera.
Anati: Iwe Tikambenji, sitima saionera ulere,
gwira mbendera.
Basi, ndinakhala mkulu wa siteshoni ya Petauke,
malipiro anga chimanga chokazinga chodzaza dzanja.
Faifi koloko yeniyeni,
osati yathu ija ya "tili m'njira,"
ankakhudzitsa waya kubatire,
kanthu kaja n'kunjenjemera, n'kutsokomola,
kenaka teketeke, teketeke,
Katete, Sinda, kuima pa ine masekondi khumi.
Ndikachedwa kukweza mbendera
ankandilemba m'buku.

Tsiku limene njanji yeniyeni inatipeza kuchokera ku Mchinji
ndinawanyamula pakaliyala ya njinga.
Anagwada pamiyala,
naika khutu labwino lija pachitsulo
nthawi yaitali, mpaka mlonda anayamba kutiyang'ana.
Pobwerera sanayankhule.
Usiku womwewo anagumula siteshoni yawo ya Chipata.
Denga ndinalipendeketsa molakwa, anatero.

Anapita mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.
Abale pogawana katundu
anatenga matilesi, jekete, wotchi ija.
Njanji inawakanika:
khomo n'lopapatiza, dziko n'lalikulu.
Wina anati ndi nkhuni izi.
Amayi Enelesi anaima pakhomo, manja m'chiuno:
Muli kalilole wanga m'menemo, palibe akhudze.

Lero ndimakonza mafoni pamsika.
Makasitomala amadabwa kuti dzanja langa silinjenjemera
podontheza mtovu pakadontho konga diso la nyerere.
Sindiwauza kuti ndinaphunzira pa mlatho wa Lutembwe
wotalika ngati supuni.

Loweruka ndimakatsekula chipinda.
Fumbi ndimalichotsa ndi nthenga ya nkhuku,
phiri ndalimata kawiri,
mbuzi zitatu za dongo zinasowa, sindinafunse.
Ana amadzaza pazenera monga kale,
ena anabadwira pafupi ndi njanji yeniyeni
koma sitima yoyenda anayamba kuionera muno.

Pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa
patsala mpata wa chikhatho, wopanda njanji.
Sitima imafika pamenepo n'kubwerera chafutambuyo.
M'chitini cha polishi anasiyamo machesi makumi anayi,
pambali pake masipoko awiri owongola kale,
ndi kapepala: Yeza kawiri. Usathamange.

Zaka zapita, sindinawagoneke.
Ndimati mawa, ndimati mvula ikatha.
Koma pali kamtsikana ka ku Mchini, Tilabilenji,
kamene sikayang'ana sitima n'komwe.
Kamangoyang'ana mpata uja,
n'kumayeza ndi chala m'mwamba.
Dzulo ndakapatsa mbendera.
Kakana. Kakuti kakufuna hamala.